Timphira Titatu pa Dzino Limodzi

6 Meyi, Lolemba

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi lachinayi kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera losatseguka. Asisitala andipatsa kope ili ndi cholembera chomangirira chingwe, ati ndizilembamo zimene ndikufuna akalephera kundimva. Ine ndati, pepala lonseli ndizingolembapo “madzi” ndi “chimbudzi”? Ndilembamo zonse. Sukulu sindinapondeko. Zilembo anandiphunzitsa mayi a kunyumba imvi zitayamba kale, ndiye ndimalemba mmene ndimayankhulira.

Kapena nditi mmene ndinkayankhulira. Zaka makumi anayi ndadyera pakamwa panga: nthano pa wailesi Lamlungu masana, m'masukulu, paliponse pamene anthu akhala pansi. Chaka chatha ndinagwa pamakwerero ndikukonza denga, chibwano n'kumenya pamlomo wa mgolo wa madzi. Ndinati n'kutupa chabe, kuphwa. Pofika kuchipatala patatha masabata asanu, nsagwada inali itapola kale, koma mokhota. Mano a m'mwamba ndi a m'munsi sakumananso. Sinditafuna. Mawu amatuluka ngati ndavumata madzi. Ngakhale mayi a kunyumba amachita kundiyang'ana pamilomo kuti amve, akatopa amangoti “eya” pomwe ine ndafunsa nthawi. Pa wailesi akubwereza zakale.

Sikelo: makilo 49. Shuga: 11.4. Zonse ziwiri ati sizabwino.

7 Meyi, Lachiwiri

Nkhani ili motere, ndilembe kuti ndisamafunsenso. Dokotala wamkulu amene amathyola nsagwada n'kuilumikizanso bwino amabwera kamodzi pachaka, amakhala sabata imodzi. Afika pa 17 Juni, achoka pa 21. Akandiphonya, mpaka chaka chamawa. Ndili ndi zaka 69. Chaka chamawa si chinthu chimene munthu wamsinkhu wanga amachiika m'thumba.

Asanandigwire, pakufunika zitatu: ndinenepe mpaka makilo 53, shuga atsike, ndipo dzino limodzi lichoke panjira. Ziwiri zoyambazo ndiye andigonekera. Lachitatulo ndi ntchito ya adokotala a mano, mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Anandiika mawaya m'mano mu Febuluwale, ndipo ena onse anamvera. Latsala limodzi, losongoka la m'mwamba kumanzere. Nsagwada ikadzawongoledwa, ilo lidzagunda la m'munsi, pakamwa osatsekeka. Liyenera kubwerera m'mbuyo, m'mpata wa dzino lomwe linatsala pansi pa mgolo. Mamilimita awiri. Andionetsa pa lula, ndi kukhuthala kwa machesi amodzi basi.

Ndalemba papepala, “Bwanji osangolizula?” Andiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Ati mbali imeneyo lamphamvu latsala ndi lokhalo, ndilo limagwira mlomo kuti usagwere m'kati, ndipo mano oikirira adzakoloweka pa ilo. “Dzino ili, bambo, ndiye nsanamira. Sitigwetsa nsanamira chifukwa tachedwa.”

Vuto n'lakuti dzino limayenda milimita imodzi pamwezi. Ife tili ndi masabata asanu ndi limodzi. Ndiye ati tiyesa kulifulumizitsa ndi kuwala.

8 Meyi, Lachitatu

Kuwala koyamba. Chipinda chawo chili kumapeto kwa khonde lalitali, kudutsa kochapira zovala. Amakugoneka chagada pampando, n'kukuveka magalasi akuda ngati wowotcherera zitsulo. Iwonso avala. Kachipangizoko kali ngati cholembera chonenepa, chingwe chake chalowa m'kabokosi. Ati ndi leza, koma yofooka, siidula ndipo siwotcha. Amakagunditsa pankhama, malo asanu kunja kwa dzino, asanu m'kati, paliponse masekondi khumi. Kakalira kuti tii, asuntha.

Ndinadikira kutentha, palibe. Kuwawa, palibe. Ndati, “Adokotala, mwayatsa?” Ndinabwereza katatu asanamve.

Afotokoza kuti dzino siliyenda ngati msomali m'thabwa. Kamphira kakamalikoka pang'ono, fupa la kutsogolo kwake limagumuka, la kumbuyo limamangika, dzino n'kumasendera m'malo ogumukawo. M'fupamo muli tinthu tamoyo tosaoneka, tina togumula, tina tomanga. Kuwalako kumangotidzutsa kuti tigwire ntchito msanga. Ndalemba, “Ndiye kuti kanyalika ndi kapitawo.” Aseka, ati eya, koma kapitawo wake ena amamumvera, ena ayi, sindikulonjezani.

Andipatsa kapaketi ka timphira tozungulira, tating'ono ngati diso la nsomba. Kamodzi m'mawa uliwonse, kukoloweka pa kachitsulo ka dzino losongoka mpaka pa dzino lakumbuyo. Kamodzi. Ananena kawiri.

10 Meyi, Lachisanu

Tsiku la muno limayamba ndi chidebe cha okolopa, kenaka kubaya chala, kenaka sikelo, kenaka kudikira. Kudikira ndiye mankhwala amene amapereka mosaumira.

Bedi lakumanja kuli wokonza njinga, mwendo wake uli m'mwamba, aumangirira zitsulo zolemera. Galimoto inamupeza atagwada pamseu akupopa tayala la munthu. Anthu a muno amamutchula Sipoko. Iyeyu ndi yekhayo amene amandimva osabwereza. Ndamufunsa chinsinsi chake. Ati, “Madala, ine tsiku lonse ndimayankhula nditaluma manati, makasitomala anga amayankha akutafuna. Inu ndinu mtolankhani poyerekeza ndi amenewo.”

Kumanzere kuli bambo wa chilonda cha m'mimba. Sayankhula, amangoyang'ana kudenga ngati analembapo kalata.

11 Meyi, Loweruka

Kuwala kachiwiri. Mphindi ziwiri sizinakwane n'komwe, ulendo wa pakhonde ndiye wautali.

Mayi a kunyumba abwera ndi msuzi wa mafupa wosefa, ndi dzira lokanya mu mkaka. Akazi a Sipoko abwera ndi nkhuku yowotcha. Abale, chipatala chiyenera kukhala ndi lamulo. Munthu wophwanya mafupa a nkhuku asamagonekedwe pafupi ndi munthu womwera m'kapaipi. Sipoko ati, “Nunkhizani, madala, fungo lilibe shuga.”

13 Meyi, Lolemba

Tsiku loyeza. Ali ndi kachida kotsegula kukamwa ngati sipanala, kali ndi manambala owala. Kwatsala mamilimita 1.7. Ati tayenda 0.3.

Ndabwerera kuwodi ndikuyenda ngati ndapambana mlandu. Pofika masana chimwemwe chatha. Sabata yathunthu, dzino lasuntha ngati kukhuthala kwa chikhadabo.

Makilo 50. Shuga 9.8.

15 Meyi, Lachitatu

Kuwala kachitatu. Sindikhazikika. Khonde lili ndi mazenera 22, ndawawerenga kupita ndi kubwera. Lilime silichoka padzino. Kuchimbudzi kuli kagalasi kosweka pakona, lero ndapitako kasanu ndi kawiri, mpaka asisitala afunsa ngati ndatsegula m'mimba. Atadziwa, ati, “Agogo, mphika woyang'anitsitsa uja mumaudziwa, suwira msanga. Kagoneni.” Ndagona, ndatembenuka, ndadzuka. Nthano zikuyendayenda m'mutu ngati mbuzi m'khola lotseka. Ndikayamba imodzi chamumtima, pofika pamene anthu amaseka, palibe woseka, ndiye imangoima pomwepo.

19 Meyi, Lamlungu

Lero ndilembe bwinobwino, ngakhale dzanja likukana.

Masana wina wa kumapeto kwa wodi anatsegula wailesi. Ndinamva mawu anga. Inali ija ya mmisiri wa mabokosi amene anagona m'bokosi la mwini wake kuti ayese kutalika, mwini wake n'kufika ndi abale kudzalitenga. Ndinaikamba zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Wodi yonse inakhala chete, ngakhale okankha machira anaima pakhomo. Pofika pamene bokosi likuyetsemula, anthu anaseka mpaka wina wa nthiti zothyoka kupempha kuti azimitse. Wachilonda cha m'mimba, amene sindinamuonepo mano, anaseka naye.

Sipoko anakuwa, “Anthu inu, mwini wake wa mawuwo ndi awa! Bedi folo!”

Anatembenuka onse. Wina ati, “Ati ndani? Madala omwera m'kapaipiwa?” Wina, “Ndiye ine ndine woyendetsa ndege.” Sipoko ati, “Auzeni, madala. Malizitsani inuyo.”

Ndinakhala tsonga. Ndimaidziwa ngati dzina langa. Ndinatsegula pakamwa, ndinayamba pomwe wailesi inali. Mawu asanu, asanu ndi limodzi. Malovu anatsikira pamalaya. Sanaseke, zikanakhala bwino akanaseka. Anangoyang'ana kumbali, wina n'kunena mwaulemu, “Pumulani, agogo,” n'kukweza wailesi.

Msuzi wa lero ndaubweza.

20 Meyi, Lolemba

Kuwala, kenaka kuyeza. 1.4. Adokotala ati, “Tili bwino, bambo.” Anali pachangu, panja panali mzere wa ana asukulu a mawaya m'kamwa.

Ndamupatsa Sipoko manambala. Wawerengera pachikhatho. “0.3 pasabata, masabata atsala anayi, ndiye 1.2. Inu mukufuna 1.4. Madala, basi ikusiyani muli pachipata, chikwama chili m'manja.”

Ndati adokotala ati tili bwino.

“Ine ndikauza kasitomala kuti tili bwino, ndiye kuti sindinaiyambe n'komwe.”

21 Meyi, Lachiwiri

Sipoko wandiuza za mawilo. Ati wilo likakhota, suliwalitsa tochi, umamanga masipoko a mbali inayo mpaka libwere. Lakana, uwonjezera. “Kanyali kawoko sindikukana, madala, koma chimene chikukoka ndi mphira. Ogumula aja adzuka kale, kapitawo wawadzutsa. Apatseni ntchito yokwanira.”

Zinamveka. Ndinene zoona, zinamveka chifukwa ndinkafuna zimveke.

Wawongola kawaya ka pa faelo yake ya chipatala n'kukapinda kukhala kambedza, manja ake ndi aluso munthu ameneyu. Titadya masana, asisitala ali ku tiyi, ndinawerama pabedi lake, iye n'kukoloweka kamphira kachiwiri pamwamba pa koyamba. Ndinamva kukoka mpaka m'diso. Ndinasangalala. Kwa nthawi yoyamba chinthu chikumveka kuti chikugwira ntchito.

Popita kwa adokotala ndizichotsa kachiwiriko.

24 Meyi, Lachisanu

Tiwiri tazolowereka, sindikumvanso kukoka. Taika kachitatu.

25 Meyi, Loweruka

Likuwawa ngati muli ng'oma m'kati. Asisitala afunsa, ndaloza mutu. Andipatsa mapiritsi a mutu. Mayi a kunyumba ati nkhope yanga yasintha. Ndati ndi kunenepa. Andiyang'ana nthawi yaitali, ati, “Eya.”

27 Meyi, Lolemba

Ndinachotsa tiwiri pakhonde, pafupi ndi kochapira. Kuwala. Kuyeza. 1.3.

Anayeza katatu. Apukuta kachidako, ayezanso. Ati, “Zimachitika, nthawi zina limapuma.” Afunsa ngati likuwawa. Ndapukusa mutu. Zaka makumi anayi za nthano, bodza la mutu wokha silivuta.

Sipoko ati wilo limayamba lakana kenaka limabwera kamodzi n'kamodzi. Tipitirize.

Makilo 51 ndi theka. Shuga 8.1.

30 Meyi, Lachinayi

Sindinalembe masiku awiri. Msuzi wotentha ukakhudza pamenepo ndimaona nyenyezi. Ndikalikankha ndi lilime likugwedera. Ndauza Sipoko kuti kugwedera ndiye kuyenda. Wayamba kukonza wotchi ya wachilonda cha m'mimba, wotchi yoti sinawonongeke.

2 Juni, Lamlungu

Atsegulanso wailesi. Ndinapita kukakhala pakhonde mpaka itatha.

3 Juni, Lolemba

1.3. Silinasunthe.

Adokotala anavula magalasi akuda aja n'kukhala pansi, chinthu chimene sachita. Ati makina anawayezetsa Lachisanu, ali bwino. Ati usiku wathawu amawerenganso mabuku, kuona ngati analakwitsa malo owalitsa kapena masekondi. “Mwina ndine, bambo. Mwina ndakupatsani chiyembekezo pa chinthu choti kwa achikulire a shuga sichigwira.” Kenaka ati, “Mawa tijambule ekisire. Ngati muzu uli bwino, ndikupatsani timphira tamphamvu kuposa iti. Mwina mphamvu ikuchepa.”

Tamphamvu kuposa iti. Pamwamba pa titatu.

Nditauza Sipoko, anaika wotchi pansi. “Madala, pali chinthu sindinakuuzeni. Sipoko ukaimanga kwambiri, siwongola wilo. Imadula, kapena imaboola limu.”

Ndati, ukundiuza lero?

“Ndimati inu simufika pamenepo. Kanenani. Mukapanda, ndikuwa ndine, ndipo ine amandimva kamodzi.”

4 Juni, Lachiwiri

Sindinachotse kalikonse pakhonde. Ndinalowa ndi titatu tonse, koma pakamwa nditatseka. Ndinapempha pepala. Ndinayamba kulemba, “Panali munthu wina amene anali ndi ng'ombe yaulesi, ndiye mnzake anamuuza kuti...”

Anawerenga ali chiimire kumbuyo kwanga. Sanadikire ng'ombeyo ifike kumunda. “Bambo, tsegulani pakamwa.”

Ndinatsegula.

Anatichotsa kamodzikamodzi ndi kapanipani, n'kutindandalika pa kambale kachitsulo. “Kuyambira liti?” Ndinalemba. “Tsiku lonse?” Eya. “Ndipo pobwera kuno mumachotsa.” Limenelo silinali funso.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Atandijambula ekisire, anandionetsa pagalasi lowala. Ati pakati pa dzino ndi fupa pali kanyama kopyapyala kodutsa magazi. Ukakoka pang'ono, magazi amayenda, ogumula aja amafika pantchito. Ukakoka kwambiri, kanyamako kamaphwanyika, magazi amaima, malowo amafa. “Ogumula anu aja, bambo, munawatsekera njira. Ine ndimawalitsa pamalo opanda munthu.” Kunsonga kwa muzu kwadyeka pang'ono, andiloza ndi cholembera.

Ndinalemba masamu a Sipoko, osatchula dzina lake. 1.2 ndi 1.4.

Anawerenga, n'kutseka maso. “Bambo. Kukanatsala 0.2, ngakhale 0.3, tikanangopala dzinolo pang'ono pamwamba. Mphindi zisanu. N'chifukwa chake ndinati tili bwino. Bwanji simunandifunse?”

Safunsa anadya phula. Mwambi umenewu ndaunena pa wailesi kangati, ndikuseka anthu ena.

Ati sabata yonse popanda kamphira, dzino lipume. Kuwala kupitirira, ati mwina kuthandiza kuti papole. Kapaketi andilanda.

5 Juni, Lachitatu

Sipoko sanadye. Akazi ake abwera ndi nsomba, wabweza. Ndamulembera kuti dzanja linali lake koma pakamwa panali panga, ndipo palibe anandimanga. Wawerenga, ati, “Zaka makumi awiri sindinaonongepo njinga ya munthu. Ndayambira pa munthu weniweniyo.” Kenaka ati, “Nsomba ija apita nayo?”

8 Juni, Loweruka

Kuwala. Kuwawa kwachepa. Mayi a kunyumba sindinawauze. Afunsa za kamphira, ndati adokotala asintha njira. Si bodza lonse.

Ndikungoyenda. Okolopa ayamba kundipatsa chidebe kuti ndiwanyamulire.

10 Juni, Lolemba

1.4. Labwerera m'mbuyo pang'ono. Adokotala aika okha kamphira kofewa, azisintha okha m'mawa uliwonse. Sakuyankhula zambiri. Powalitsa amawerenga chapansipansi, ngakhale makina amawerenga okha.

Makilo 53. Shuga 7. Asisitala andiombera m'manja. Thupi lonse lakhoza mayeso, latsala dzino limene ndinalithandiza.

13 Juni, Lachinayi

Kuwala. Wachilonda cha m'mimba watuluka. Potsanzika anaima pabedi langa, ati, “Ine ndinakhulupirira kuti munali inu. Mumapumira malo amodzimodzi.” Ndi mawu okhawo amene ndinamumva.

17 Juni, Lolemba

Dokotala wamkulu afika. Kuwala komaliza. 1.1.

18 Juni, Lachiwiri

Dokotala wamkulu ndi munthu wamfupi, wadazi, wa zala zazitali ngati za woimba limba. Anagwira nsagwada yanga ngati akusankha dzungu pamsika, kuitembenuza uku ndi uku, n'kuyerekeza mano anga achikombole amene anaumba adokotala a mano. Anagwedeza dzinolo ndi chala. Anafunsa chifukwa chake likugwedera. Adokotala a mano anayamba kuti, “Mphamvu inachuluka kwa masabata awiri,” osanena kuti inachulutsidwa ndi ndani. Ndinakweza dzanja, ndinadziloza pachifuwa, n'kuonetsa zala zitatu. Wamkuluyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ati, “Achikulire, ndimayesa zimenezi amachita ana a fomu wanu.”

Ati 1.1 singapalidwe, angafike pamtsempha. Njira ndi ziwiri. Kudikira, dzino lifike bwinobwino pofika Ogasiti, opaleshoni chaka chamawa. Kapena kulizula mawa, opaleshoni Lachinayi. Likachoka, mlomo wa kumanzere udzagwera m'kati pang'ono, mawu ena azidzatuluka ndi kamphepo, ndipo mano oikirira mbali imeneyo adzavuta kugwira. Ndiyankhe pofika mawa m'mawa.

Adokotala a mano anandiperekeza pakhonde. Ati, “Ine ndikanati dikirani. Koma pakamwa ndi panu, ndipo chaka ndi chanu.”

Masana mayi a kunyumba atabwera, sindinayese n'komwe kuyankhula. Ndinawapatsa kope lino, nditatsegula pa 19 Meyi. Anavala magalasi awo a chingwe. Amawerenga ndi chala, milomo ikuyenda. Sipoko anadzifunditsa bulangeti mpaka kumutu, mwendo wokha uli m'mwamba.

Atamaliza anatseka kope, ati, “Ine ndikudzuka mbandakucha kuwiritsa mafupa, kukwera mabasi awiri, kuti inu mupeze mphamvu zokokera timphira?” Anatembenukira kubulangeti. “Nanunso achimwene, tulukani m'menemo, mwendowo ndikuuona. Munthu wamkulu, wa ana, kumuika mwamuna wanga pa sitandi ngati njinga?”

Bulangeti linati, “Pepani, mayi.”

Mayi a kunyumba anapinda ndi kupindula kansalu ka pabotolo la msuzi. Kenaka ati, “Za Lamlungu lija bwanji simunandiuze?” Ati, “Chaka chino ndakhala ndi munthu m'nyumba amene amayenda usiku ngati waba. Chaka china sindingathe, ndipo inunso simungathe, mungadzapezeke mukumangirira dzinolo kuchitseko. Mlomo ukagwa ugwe, sindinakukwatireni mlomo. Koma nenani nokha. Musadzati ndinakusankhirani.”

Ndinalemba, “Lichoke.”

19 Juni, Lachitatu

Alizula adokotala a mano eni ake. Wamkulu uja anati alichotsera limodzi ndi opaleshoni, iwo anakana, ati analiyamba ndi iwo. Mpando womwewo, koma lero popanda magalasi akuda, ndiye ndinawaona nkhope. Jakisoni ziwiri. Silinalimbane nawo, linali litatopa kale. Kabokosi ka kuwala kanali pakona atakavundikira nsalu.

Ndinalemba, “Pepani, mwana wanga. Kanyali kanu kanalibe mlandu.” Ati, “Masabata awiri oyamba aja linkayenda bwino. Kaya kanali kanyali, kaya ndi thupi lanu lokha, sitidzadziwanso.” Andilumitsa thonje. Ati ndisalavule.

Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa.

20 Juni, Lachinayi

Andiveka chovala chotseguka kumbuyo. Ndine wachiwiri pamndandanda. Sipoko ati akandisungira bedi.

23 Juni, Lamlungu

Ndilipo. Mutu ngati chidebe.

25 Juni, Lachiwiri

Ati zinatenga maola anayi. Aika tizitsulo tiwiri ndi timisomali m'fupa. Mano a m'mwamba ndi a m'munsi awamanga pamodzi ndi timphira, tambiri, mbali zonse. Lumo lili pamutu pa bedi, ngati ndingasanze adule. Wamkulu uja anachoka Lachisanu ndisanatsegule maso bwino.

Mano akumbuyo akugundana. Ndikuwamva. Chaka chathunthu anali asanaonane.

Lilime lapeza dzenje kumanzere. Ndi lalikulu kuposa mmene dzino linalili.

28 Juni, Lachisanu

Kutupa kukuphwa. Msuzi umadutsa pampata pa dzino lija, kapaipi kamalowa bwinobwino. Asisitala ati ena amavutika pomwa, ine ndili ndi khomo. Sipoko amutsitsa mwendo, akuphunzira ndodo, wagwetsa kale chopachikira dilipi. Sindinayese kuyankhula. Ati ndikhoza, mano ali chitsekere, koma ndikuopa. Ngati atatuluka mawu a madzi omwe aja, dzino ndataya, fupa andithyola, ndiye nditani?

1 Julayi, Lolemba

Anditulutsa. Adokotala a mano anabwera kuwodi ndi kapaketi ka timphira tosinthira. Anadutsa dzanja langa lotambasula n'kupatsa mayi a kunyumba. Awaonetsa kakolowekedwe, kangati mbali iyi, kangati mbali iyo. Mayi a kunyumba anakaika m'chikwama, m'kathumba ka zipi, n'kutseka akundiyang'ana.

Kenaka kudikira kalata yotulukira. Ola limodzi, awiri. Ndinakhala, ndinaima, ndinapita pazenera. Mayi a kunyumba anali atandifulatira, atawerama, akulongedza mabotolo m'thumba. Kagalasi kakuchimbudzi kaja kanandionetsa m'mawa kuti mlomo wagweradi m'kati. Ndinaganiza za timphira tili m'kamwamu, kumwera m'kapaipi, masiku angati kaya, ndipo ndisanaganize zoopa, zinangotuluka pakati pa mano, ndi kamluzu kumanzere:

“Zimenezi mpaka liti?”

“Masabata anayi. Khalani pansi,” anatero, osatembenuka.

Analongedza botolo lina. Kenaka dzanja linaima m'thumba.

Sipoko ati, “Mayi, mwawayankha ndi msana.”

Sanatembenukebe. Anangoti, “Tanenaninso.”